Black bass ku Bua ndi ku Chia: tiilandire kapena tiikanize?

Owedza nsomba alipo amitundu iwiri. Ena amaponya mbedza kuti kunyumba kukhale ndiwo. Ena amaponya chifukwa chokonda kulimbana ndi nsombayo, moti akaivuula amaiyeza pa sikelo, kuijambula, kenaka n'kuibwezera m'madzi ili yamoyo. Kwa a gulu lachiwirili, nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu zimene zili ndi mbiri yofanana ndi ya black bass n'zowerengeka. Kwawo ndi ku North America, koma anthu anaisenza m'zitini ndi m'migolo mpaka kukaitula ku Japan mu 1925, ku South Africa mu 1928, m'nyanja ya Naivasha ku Kenya mu 1929 ndi ku Zimbabwe mu 1932. Kuno nako inafika kalekale, ndipo owedza amaipeza m'madamu ena a pa phiri la Zomba ndi a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Tsono munthu amene analawapo kukoma kokoka bass akatsikira ku Nkhotakota n'kuona madzi ali ponseponse, Bua uyo, Dwangwa uyo, Kaombe uyo, nyanja yaing'ono ya Chia iyo, funso limamubwerera lokha: bwanji osakumba madamu angapo kumtundaku n'kuikamo bass, kuti alendo azibwera ndi ndalama zawo? Ena amati n'zotheka, bola tisankhe mtundu woyenera. Ena amati ngakhale imodzi yokha isalowe m'boma lino. Ine ndili kumbali yokana, ndipo ndaneneratu kuti owerenga adziwe pomwe ndaima. Koma ovomerezawo ali ndi mfundo zolemera, ndipo yaikulu mwa izo, yoti bass si nsomba imodzi, ndi yoona kotheratu. Mkangano wonse wagona pamenepo, choncho tiyambe tazidziwa nsombazo.

Black bass ndi gulu la nsomba limene akatswiri amalitcha Micropterus, ndipo mitundu yake imapitirira 10. Yodziwika kwambiri, yomwenso ili m'madamu athu aja, ndi largemouth. Ndi yobiriwira kumsana, yoyera kumimba, ili ndi mzere wakuda wodukizadukiza kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo ikatseka pakamwa fupa la chibwano chapamwamba limapitirira diso. Woigwira amalowetsa chala chachikulu m'kamwa mwake n'kutsina mlomo wam'munsi. Mano ake ndi ang'onoang'ono, amangokanda khungu, koma mukasuzumira m'kamwa mwa yaikulu mumaona kuti nkhonya ya mwana ikhoza kulowamo. Imakonda madzi odekha ndi ofunda, pomwe pali mabango, udzu wam'madzi ndi zitsa zomira. Siithamangitsa chakudya mtunda wautali. Imabisala duu, kansomba kakayandikira imayasamula mwadzidzidzi, madzi ndi kansombako n'kulowera limodzi. Imadya nsomba, achule, nkhanu, ngakhale tiana ta mbalame zam'madzi.

Ili ndi m'bale wake wa ku Florida amene ndi maso okha n'kovuta kumusiyanitsa. Florida bass imakula kwambiri kumalo otentha, n'chifukwa chake a ku South Africa anaiitanitsa mu 1980 ngakhale largemouth anali nayo kale. Ziwirizi zikakumana zimaberekana, ndipo m'madamu ambiri a kum'mwera kwa Africa lero muli zosakanizika. Kufanana kwake n'kwakukulu moti mu 2022 akatswiri anapeza kuti dzina la sayansi lakuti salmoides, limene kwa zaka zambirimbiri ankaitanira largemouth, mwini wake ndi ya ku Florida, ndipo largemouth inapatsidwa lakuti nigricans.

Smallmouth ndi ya khalidwe lina. Ndi yofiirira, mizere yake imatsika kuchokera kumsana kupita kumimba, nthawi zambiri maso ake ndi ofiira, ndipo chibwano chake sichipitirira diso. Iyi ndi nsomba ya mumtsinje: imafuna madzi oyera, oyenda pamiyala, ozizirirapo. Siikula ngati largemouth, pakuti yaikulu kwambiri yovomerezeka, imene David Hayes anagwira m'damu la Dale Hollow ku America mu 1955, inalemera makilogalamu 5.41. Koma owedza ambiri amaikonda kuposa inzake chifukwa ikakodwa imadumpha m'madzi mobwerezabwereza, osagonja msanga. Pakati pa ziwirizi pali spotted bass, ya timadontho tondondozana kumunsi kwa mzere wa m'mbali, ndi kagulu ka timano pa lilime. Imapirira madzi amatope ndi oyenda, ndipo anaitengera ku South Africa mu 1939 kuti ikakhale m'mitsinje yomwe inzake zija sizinkachitamo bwino. Mitundu inayo ndi ya m'madera ang'onoang'ono a ku America konko: shoal bass ya mumtsinje wa Flint ndi wa Chattahoochee, Guadalupe bass ya ku Texas, Suwannee bass, redeye bass, Alabama bass. Zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi. Nthawi yoswana ikakwana yamphongo imasesa chisa ndi mchira pa mchenga kapena pa timiyala, yaikazi imaikiramo mazira masauzande, ndipo yamphongoyo imalondera mazira ndi ana omwe, n'kumaluma chilichonse choyandikira.

Tsopano timve ovomereza, ndipo tiwamve mokwanira.

Iwo amayambira pa ndalama, ndipo sachita manyazi kutero, chifukwa ku Nkhotakota ntchito n'zosowa. Amati taonani ku Zimbabwe: damu la Mutirikwi kufupi ndi Masvingo ndi la Manyame kufupi ndi Harare amadziwika ndi mipikisano ya bass, ndipo mpikisano uliwonse umatanthauza mafuta a maboti, zipinda zogona, chakudya, amakaniko ndi anyamata olondolera alendo. Ku America malondawa anakula kuchokera pa mpikisano umene Ray Scott anakonza pa nyanja ya Beaver ku Arkansas mu 1967, ndipo lero ndi bizinesi yaikulu ya nyambo zopanga, ndodo, maboti ndi mapulogalamu a pa TV. Anthu amawoloka nyanja zamchere kufunafuna nsomba yoposa ya George Perry, ya makilogalamu 10.09, imene anagwira ku Georgia mu 1932, ndi ya Manabu Kurita, ya makilogalamu 10.12, imene anagwira m'nyanja ya Biwa ku Japan mu 2009. Mlendo wotere satenga nsomba kupita nayo kwawo. Nsomba imodzi imagwidwa lero, imabwezedwa, chaka chamawa n'kugwidwanso ndi mlendo wina amene walipiranso. Kuyambira 2015, pomwe a African Parks anayamba kuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota, ndiponso atabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, alendo ayamba kulidziwa bomali. Bwanji osawapatsa chifukwa china chogonera masiku awiri owonjezera? Mnyamata amene lero amagona panyanja kukoka chilimira, n'kugawana tindalama tochepa ndi anzake m'mawa, akhoza kumalandira malipiro abwinopo poyendetsa mlendo pa damu. Paja akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Kenaka amanena za mbiri yathu yomwe. Bass yakhala m'Malawi zaka zambiri, ndipo nyanja siinawonongeke nayo. Trout, yomwenso ndi yachilendo ndipo imadya zinzake, ili m'madamu a ku Chelinda pa Nyika, komwe madzi ake amatsikira m'nyanja ya Malawi, koma m'nyanjamo siipezekamo. Kutentha kunaitsekera kuphiri konko. Apa ndi pomwe amabweretsa nkhani ya mitundu ija. Amati smallmouth, yomwe ndi yoopsa m'mitsinje, tisaikhudze n'komwe, ndipo ngakhale itathawa singapirire kutentha kwa kunyanja, komwe madzi a pamwamba amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 pafupifupi chaka chonse. Spotted nayonso tiisiye. Titenge largemouth yokha, nsomba yaulesi ya m'madzi oima, tiitsekere m'damu lokhala ndi sefa potulukira madzi. Itapezeka m'nyanja yaikulu, amatero, ikapeza malo onse ali ndi eni ake: ncheni, kampango, bombe, ndi tinsomba tambirimbiri tomwe tingathe mazira a m'chisa chake tsiku limodzi.

Mfundo yawo yomaliza ndi imene imandipweteka, chifukwa ndi yoona. Amati mukuopa mlendo amene sanafike, pomwe nsomba zikutha ndi manja athu omwe. Ntchila inali yambiri m'nyanja muno, ndipo inatheratu m'misika popanda bass ngakhale imodzi. Anaimaliza ndi matchera otchinga pakamwa pa mitsinje pamene inkakwera kukaswana. Mu 2018 bungwe la IUCN litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi linapeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pangozi yaikulu yotha, ndipo mitundu itatu mwa inayi ya chambo ili pa mlingo woopsa kwambiri. Wachita zimenezi ndi katupe wothiridwa m'maiwe, masikito osanduka maukonde, mitengo yodulidwa kumtunda, ndi minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi n'kumakwirira miyala yomwe nsomba zimaikirapo mazira. Mwina, amatero, owedza akapatsidwa bass m'damu adzaisiya mpasa kuti ipume.

Zonsezi ndazimva. Koma ndikatenga mitundu ija umodziumodzi n'kuiyika pa mapu a Nkhotakota, chimene ndimaona n'chakuti bomali lili ndi madzi okomera mtundu uliwonse, ndipo madzi amenewo ndi omwe nsomba zathu zimaswaniramo.

Tiyambe ndi mapuwo. Madzi a pa phiri la Zomba amatsika ndi Mulunguzi, kulowa mu Likangala, n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe njira yopita kunyanja yaikulu. Madzi a m'maesiteti a tiyi amathera mu Ruo ndi mu Shire wa kumunsi, ndipo nsomba yochokera kumeneko ikafuna kukwera imakumana ndi mathithi a Kapichira ndi anzake, omwewo amene atsekera tigerfish kunsi kuti isafike ku Mangochi. Bass ya kumadera amenewa inakhala m'khola lomangidwa ndi chilengedwe, ndipo kufatsa kwake si umboni wa chimene ingachite kwina. Ku Nkhotakota khola lotero kulibe. Kamtsinje kalikonse kotsika m'mapiri a Ntchisi, dambo lililonse la ku Mchinji, Dowa ndi Kasungu lothira mu Bua kapena mu Dwangwa, zonse zimathera m'nyanja, ndipo nsomba yokokoloka siifuna kukwera chilichonse. Za sefa ya pa damu, aliyense amene anaona madzi osefukira a mu February 2024 ku Dwangwa, pomwe nyumba zinagwa ndipo msewu wa M5 unaduka, akudziwa kuti sefa ndi ya m'chilimwe. Komanso si madzi okha amene amasamutsa nsomba. Munthu wakondwa ndi za pa damu la mnzake, watenga tiana khumi m'ndowa, wakathira pa dziwe la kwawo. M'maiko ambiri bass yafalikira motero.

Nanga largemouth ndi yaulesi, ya m'damu mokha? Ku Zimbabwe komwe ovomereza amatilozera kuli yankho. Mu 2001 Brian Gratwicke ndi Brian Marshall anafalitsa zomwe anapeza m'timitsinje tozungulira Harare: m'malo momwe munalowa nsomba zachilendo zodya zinzake, kuphatikizapo largemouth, nsomba za gulu la matemba zinachepa ndi 99 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi momwe munalibe. Awa sanali madamu. Inali mitsinje ya maiwe ndi mabango, yofanana ndi ya kumtunda kwa Bua. Ndipo za kutentha, damu la Chicamba m'chigawo cha Manica ku Mozambique lili pamalo otsika ndi otentha kuposa Harare, koma Olaf Weyl, amene pambuyo pake anadzagwira ntchito ndi a zausodzi kuno ku Malawi, anaonetsa pamodzi ndi Tom Hecht mu 1999 kuti largemouth inakhazikikamo bwinobwino, ikuswana ndi kukula msanga. Onjezanipo magazi a Florida bass, imene kutentha ndi kwawo, muone ngati kutentha kwa Nkhotakota kungakhale mpanda wodalirika. Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira kwenikweni. Kuifanizira ndi largemouth n'kudzinamiza.

Tsopano imani pa mlatho wa Chia m'mawa. Amayi ali ndi mabeseni, anyamata akukweza chambo m'mwamba kuonetsa magalimoto odutsa, mabwato akulowa ndi kutuluka pa khwalala lolumikiza Chia ndi nyanja. Kuseri kwake kuli madzi osaya, ofunda, odekha, ozunguliridwa ndi mabango ndi udzu, omwe amalandira Lifuliza ndi Likoa kuchokera kumapiri. Chambo chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, koma sichiwasunga mpaka kalekale. Nthawi ikakwana chimawalavula m'malo osaya ngati amenewa kuti akule. Makumba, chilunguni, matemba ndi ana a mlamba amakulira momwemo. Bwererani ku zimene tanena za malo okondedwa ndi largemouth: madzi odekha, ofunda, a mabango ndi udzu. Palibe chosiyana ngakhale chimodzi. Mfundo yoti nyanja yaikulu ili ndi eni ake ikhoza kukhala yoona pa miyala ya mbuna kapena pakati pakuya pomwe pamayenda ncheni. Koma bass siifunika kulanda nyanja yonse kuti itipweteke. Ikangokhazikika ku Chia ndi pakamwa pa mitsinje, yakhala pomwe ana a chambo amakulira.

Za Bua ndiye ndimachita nazo mantha kwambiri. Mpasa imapezeka m'nyanja ya Malawi mokha ndi m'mitsinje yothiramo. Imafika makilogalamu anayi, imakulira m'nyanja kusaka usipa, koma kuti iswane imakwera mitsinje kuyambira nyengo ya mvula, kufunafuna malo osaya a timiyala toyera pomwe madzi akuyenda. Mitsinje yomwe ikadali ndi malo otere yatsala yochepa: Bua, Linthipe, North Rukuru, Songwe, ndi Ruhuhu kutsidya ku Tanzania. Bua ili pamwamba chifukwa imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya masikweya kilomita 1,800, momwe mitengo ikadagwira dothi. Mpasa siilondera mazira ake, ndipo ana ake, tinsomba tosalala tonyezimira topanda minga yodzitetezera, amakhala mumtsinje miyezi ingapo asanatsikire kunyanja. Sanjika nayo imachita chimodzimodzi. Madzi oyera oyenda pamiyala ndi nyumba ya smallmouth. Maiwe a pakati pa mathithi ndi a largemouth. Madzi ofiira a m'dzinja, spotted imawapirira.

Ndikuvomera kuti smallmouth ikhoza kulephera kunsi kwa Bua chifukwa cha kutentha. Koma taonani mtengo wake ngati kuyerekeza kwathuko kutalakwika. M'mitsinje ya Olifants ndi Doring ku Western Cape m'dziko la South Africa, smallmouth inathetsa tinsomba ta kumeneko m'zigawo zambiri, totsala n'kumapezeka kumtunda kwa mathithi kokha komwe iyo siifika. A bungwe la CapeNature atafuna kuwombola kamtsinje ka Rondegat anachita kuthira rotenone, mankhwala a mtundu wopezeka m'zomera zina zophera nsomba, mu 2012 ndi mu 2013, kupha chilichonse chopuma ndi makha m'chigawo cha makilomita anayi okha, kuti nsomba za komweko zibwerere kuchokera kumtunda. Zinatheka, ndipo nsombazo zinabwereradi. Koma anali makilomita anayi a kamtsinje kakang'ono, okhala ndi chotchinga kumunsi. Bua amachokera ku Mchinji, amamwedwa ndi anthu ndi ziweto, amathirira mpunga, ndipo kumunsi kwake kuli nyanja. Ndani angauthire mankhwala? Madzi akatayika saoleka.

Ndipo mawu akuti tisankhe mtundu woyenera amaganiza kuti wosankhayo adzakhala katswiri wokhala ndi labotale. Zoona zake n'zakuti tiana ta bass totalika ngati chala timafanana kwambiri, ndipo tanena kale kuti akatswiri enieniwo anakhala zaka zambiri atasokoneza maina a mitundu iwiri. Ku America komweko vutoli likuwasowetsa tulo. Owedza anatenga Alabama bass n'kukaithira mobisa m'madamu a ku Georgia ndi North Carolina. Kwina inapitikitsa largemouth, kwina inaberekana ndi smallmouth ndi shoal bass mpaka mitundu yeniyeniyo kuyamba kusowa. Ku Texas, smallmouth yomwe boma lomwe linathira m'mitsinje inasakanizika ndi Guadalupe bass, ndipo akhala zaka zambiri akuwononga ndalama kubwezeretsa nsomba yawoyo. Ngati bass yosamutsidwa kuchoka mumtsinje wina kupita mu wina m'dziko lakwawo imachita zotere kwa abale ake, kuli bwanji kwa ana a mpasa amene sanakumanepo nayo?

Nyanja ya Biwa ija, yomwe inatulutsa nsomba ya Kurita, ili ndi mbali ina ya nkhani imene ovomereza saitchula. Bass inaoneka koyamba m'menemo mu 1974. M'zaka zotsatira nsomba za komweko, monga nigorobuna imene amapangira chakudya chawo chamakolo cha funazushi, zinachepa kwambiri. Zifukwa zinalipo zingapo, kuphatikizapo nsomba ina yachilendo ya bluegill ndi kuwonongeka kwa mabango, koma akuluakulu a chigawo cha Shiga anaona kuti mbali ya bass ndi yaikulu moti mu 2003 analetsa kubwezera m'madzi bass yogwidwa, n'kuika mabokosi otayiramo m'mbali mwa nyanja. Mu 2005 lamulo la dziko lonse la Japan linaletsa kuisunga, kuinyamula yamoyo ndi kuithira kwina. Limeneli ndi dziko lolemera, ndipo mpaka lero silinaichotse. Mawu akuti takhala nayo zaka zambiri osaona vuto nawonso tiziwasamala. Nile perch inathiridwa m'nyanja ya Victoria m'ma 1950, inakhala zii zaka zoposa 20, kenaka m'ma 1980 inachuluka mwadzidzidzi, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zachibale ndi utaka ndi mbuna zathu inazimirira.

Pa mfundo yoti ndife tomwe tikumaliza nsomba, sinditsutsa. Koma pali kusiyana kumene sitiyenera kukudumpha. Katupe akhoza kuletsedwa, neti ikhoza kulandidwa n'kuwotchedwa, gombe likhoza kutsekedwa. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya mvula kuyambira m'ma 1950, ndipo asodzi amathamangirako chikatsegulidwa chifukwa nsomba zimakhalako. Makomiti a m'magombe a ku Chia ali ndi malo omwe anapatula kuti nsomba ziziswana. Zonsezi zimagwira ntchito chifukwa wolakwayo ndi munthu, ndipo munthu amamva mfumu, amaopa chindapusa, amatha kusintha. Bass yolowa m'malo opatulidwawo idzadya mwezi wotseka ndi wotsegula womwe. Nsomba zofooka kale ndi zimene sizingapirire mdani wina.

Tifunsenso kuti phindu lidzapita kwa yani, ndipo chitayiko chidzagwera yani. Mpikisano wa bass umafuna boti la injini, galimoto yokokera ndi ndodo zodula. Ndalama zake zimathera kwa mwini damu, mwini loji ndi anyamata owerengeka. Koma matemba akachepa mu Kaombe, wovutika ndi mayi amene amatchera mono kuti ana adyere kondowole, ndi wamalonda wa pa Chia, ndi msodzi wopanda china chogwira. Bass imadyedwa, inde, koma kuti ionjeze kilogalamu imodzi imayenera kumeza makilogalamu angapo a tinsomba tomwe tikanadyetsa mabanja ambiri. Dziko lino linaganizapo kale za nkhani yotere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linaletsa kuweta carp, ngakhale alimi ankaikonda chifukwa chokula msanga, poopa kuti ingalowe m'nyanja, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 sililola munthu kuthira nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino mwa iye yekha. Alimi ena amadandaulabe za carp mpaka lero, ndipo dandaulo lawo lili ndi mutu, chifukwa iwo ankafuna chakudya. Ngati tinawakaniza iwowo, n'kovuta kuona chifukwa cholekerera nsomba yodya zinzake imene cholinga chake ndi masewera. Tili kale ndi nkhawa ina: mu 2013 akatswiri ananena kuti Nile tilapia yapezeka m'dera lothira madzi m'nyanjayi kumbali ya Tanzania.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti zimene owedza akufuna kwa bass, Nkhotakota ili nazo kale. Sungwa ndi nsomba yathu ya kamwa lalikulu, imabisala m'mabango ndi m'udzu, imalumphira nyambo zopanga zomwezo zimene amakolera largemouth, ndipo imakoka mwamphamvu. Mpasa ikakodwa mu Bua imathamanga ndi chingwe m'madzi othamanga, ndipo m'nkhalangomo alendo amaiwedza ndi chilolezo n'kuibwezera. Pali ngumbo, ncheni ndi kampango. Largemouth munthu akhoza kuigwira ku Harare, ku Johannesburg, ku Spain kapena ku Mexico, ndipo sindikuona chimene chingamuchititse kulumpha malo onsewo kuti adzaigwire pa kadamu ka ku Mwansambo. Mpasa sangaigwire kwina. A ku Georgia anazindikira zimenezi: boma lawo lili ndi pulogalamu ya Georgia Bass Slam, yolimbikitsa owedza kugwira mitundu isanu mwa 10 ya bass ya m'chigawocho, ndipo yachititsa anthu kuyenda mitunda kukafuna tinsomba ta m'mitsinje ya kwawo tomwe kale ankatinyoza chifukwa chochepa. Mnyamata wa chilimira uja ntchito yolondolera alendo akhoza kuipeza ndithu, ndipo amadziwa kale pomwe sungwa imagona.

Madamu a ku Zomba ndi ku Thyolo omwe ali kale ndi bass sindikunena kuti aphwetsedwe. Okonda bass azipita kumeneko, azisangalala, koma asatuluke ndi nsomba yamoyo. Ndipo popeza ndowa imayenda usiku, wowedza aliyense wa mu Bua, Dwangwa ndi Chia ayenera kudziwa kusiyanitsa bass ndi sungwa, chifukwa mongoyang'ana mwachangu zimafanana. Yang'anani mphuno: sungwa ili ndi bowo limodzi mbali iliyonse, bass ili ndi awiri. Yang'anani chipsepse cha pamsana: cha sungwa chimayenda chimodzi osaduka, cha largemouth chili ndi mpata wakuya pakati pa gawo la minga ndi gawo lofewa. Tsatirani ndi chala kamzere ka timabowo ka m'mbali mwa thupi: ka sungwa kamaduka n'kuyambiranso cham'munsi kufupi ndi mchira, ka bass kamayenda kamodzi kuchokera kumakha mpaka kumchira. Mukaipeza yotere musaibwezere m'madzi. Ijambuleni, kumbukirani dziwe lomwe mwaigwira, ndipo pitani nayo kwa a komiti ya pagombe kapena ku ofesi ya zausodzi pa boma tsiku lomwelo.